Kachipangizo kolekanitsa siginolo m'foni: kamachepa bwanji, nanga tingakapange kuno?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe:

"Ndimakonza mafoni ku Malangalanga, ndipo madzulo ndimapita kusukulu ya zamagetsi. Mwezi watha kunabwera foni imene inkaimba bwinobwino koma 4G osagwira olo pang'ono. Mnzanga wa benchi yoyandikana anati ndisinthe kachipangizo kena kapafupi ndi eriyo, kotchedwa duplexer, kakang'ono koti kakagwa pansi sungakapezenso. Nditachotsa kena pa bodi yakufa n'kuikapo, 4G inabwerera. Kodi kachipangizoka kamagwira ntchito yanji kwenikweni? Amakapanga bwanji kuti kachepe chonchi? Nanga ndingathe kupanga kanga pa bodi ya kopa ngati pulojekiti ya kusukulu?"

Yankho

Achimwene, ndiyambe ndi funso lomalizalo kuti musataye ndalama. Kofanana ndi kamene munasinthako simungakapange pa bodi ya kopa, ngakhale dzanja lanu litakhala labwino chotani. Amakapanga m'mafakitale ofanana ndi opanga ma chip, ndipo makampani otha ntchitoyi ndi owerengeka: Murata ndi Taiyo Yuden a ku Japan, Broadcom, Qorvo, Skyworks ndi Qualcomm a ku America. Koma kali ndi mbale wake, diplexer, imene mungaipange ndithu, ndipo ingakhale pulojekiti yogwira mtima. Chifukwa chimene china chikutheka pomwe chinzake chikukanika chili pa vuto limene foni imalimbana nalo nthawi zonse.

Pa 3G ndi pa mabandi ambiri a 4G (bandi ndi gawo la mafunde a wailesi limene netiweki imagwiritsa ntchito), foni imatumiza ndi kulandira nthawi imodzi, pa eriyo imodzimodzi. Ikamatumiza pa 4G imatha kufika mamiliwati 200, amene timalemba kuti 23 dBm. Siginolo yochokera pa nsanja, makamaka mukatuluka m'tauni kulowera ku Mitundu kapena ku Nathenje, imatha kufika pa eriyo itafooka mpaka -100 dBm. Kusiyana kwake ndi 123 dB. Pa mawerengedwe a dB, 10 iliyonse ikutanthauza kuchulukitsa ka 10, choncho mawu a foni yeniyeniyo amaposa amene ikufuna kumva pafupifupi ka 2,000,000,000,000. Taganizani woitanira minibasi pa depoti akukuwa "Kanengo, 25!" ndi mphamvu zake zonse, ndipo nthawi yomweyo akuyenera kumva munthu amene akunong'ona ali kutsidya kwa mlatho wa Lilongwe. Foni imachita zimenezo.

Chimene chimathandiza n'chakuti kutumiza ndi kulandira kuli pa ma frequency osiyana, monga momwe mawailesi awiri amakhalira pa malo osiyana pa FM. Duplexer ndi mafyuluta awiri olumikizidwa pa mwendo umodzi wa eriyo. Fyuluta yoyamba imalola siginolo yochokera ku PA, kachipangizo kokuza mphamvu ya siginolo yotumizidwa, kupita ku eriyo, n'kutsekereza phokoso limene PA imatulutsa pa frequency yolandirira. Yachiwiri imalola siginolo ya pa nsanja kulowa ku gawo lolandira, n'kubweza mphamvu ya foni yomwe kuti isagonthetse gawolo. N'chifukwa chake pa schematic mumaona miyendo itatu yolembedwa ANT (eriyo), TX (kutumiza) ndi RX (kulandira), ina yonse ili ya ground. Duplexer yabwino ya m'foni imatsekereza pakati pa TX ndi RX ndi 50 mpaka 55 dB, zotsalazo gawo lolandira limathana nazo lokha. Panjira imadya mphamvu pafupifupi 2 dB. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa, koma kumbukirani kuti 3 dB ndi theka la mphamvu yonse. Chilichonse chotayika pamenepo chimasanduka kutentha, ndipo wolipira ndi batire.

Foni ya kasitomala wanuyo inkaimba chifukwa GSM, imene ndi 2G, ili ndi nzeru ina. Imagawa nthawi m'tizigawo 8, kalikonse ka maikulosekondi 577, ndipo foni imatumiza pa kagawo kena n'kumvetsera pa kena. Siichita zonse ziwiri pamodzi, ndiye switch yokha imakwanira. Duplexer ya bandi ya 4G itafa, foni inkangotsikira ku 2G kapena ku 3G ya pa bandi ina n'kumaimba ngati palibe chavuta. Mabandi a TDD, monga a 2300 ndi 3500 MHz, nawonso amagawa nthawi, ndipo safuna duplexer.

Tsopano pamene pagona nkhani. Wopanga zinthu zimenezi sayambira pa kufunsa kuti chikhale chaching'ono bwanji. Amayambira pa mpata umene uli pakati pa malo otumizira ndi malo olandirira, chifukwa mpatawo ndi umene umalamula zonse. Kuno kwathu TNM ndi Airtel amagwiritsa ntchito kwambiri 900, 1800 ndi 2100 MHz. Pa 2100, imene ndi bandi 1, foni imatumiza pa 1920 mpaka 1980 n'kulandira pa 2110 mpaka 2170. Mpata ndi 130 MHz, wotakasuka. Pa 1800, bandi 3, imatumiza pa 1710 mpaka 1785 n'kulandira pa 1805 mpaka 1880. Mpata watsika kufika 20 MHz. Pa 900, bandi 8, imatumiza pa 880 mpaka 915 n'kulandira pa 925 mpaka 960. Mpata ndi 10 MHz basi. Fyuluta ikuyenera kukhala yotsegula pa 915, ndipo pofika pa 925 ikhale itatseka ndi 50 dB. Pa 100 iliyonse ya frequency, mwapatsidwa 1 yokha kuti muchoke potsegula kufika potseka.

Fyuluta iliyonse yotere imamangidwa ndi ma resonator, tizigawo timene timalira pa frequency imodzi n'kukana ina yonse. Ubwino wa resonator timauyeza ndi Q: ikakwera ndiye kuti resonator ikusunga mphamvu nthawi yaitali osaitaya. Kuti fyuluta itseke mwadzidzidzi mumafunika ma resonator angapo, ndipo iliyonse imadya yake. Seymour Cohn anapereka njira yachidule yoyerekezera kutayikaku mu 1959, ndipo ndikufuna muiyese nokha pa pepala. Pa fyuluta ya mtundu wa Chebyshev ya ma resonator 5, tengani 30 mugawe ndi zotsatira za kuchulukitsa Q ndi kutambalala kwa bandi poyerekeza ndi frequency yake. Pa bandi 8 kutambalalako ndi 35 kugawa ndi 900, zimene zikupereka 0.039. Bodi wamba ya FR4, imene mukufuna kugwiritsa ntchitoyo, Q yake siipitirira 50. Werengani: zikutuluka pafupifupi 15 dB. Pa mphamvu 100 zimene PA yatulutsa, zofika pa eriyo ndi 3 zokha. Mukagula bodi yodula ya Rogers n'kupeza Q ya 200, kutayika kumatsika kufika pafupifupi 4 dB, komabe zoposa theka zapita. Kuti mufike pansi pa 1 dB mukufunika Q ya 1,000. Apa ndi pamene duplexer ya pa bodi ya kopa imafera, kukula kwake tisanakukambe n'komwe.

Kukulako kuli ndi vuto lakenso. Resonator ya kopa imadalira utali wa funde. Pa 900 MHz funde limodzi mumpweya ndi lotalika masentimita 33, ndipo resonator yaifupi kwambiri mwa zosavuta ndi kota ya funde, masentimita 8.3. Funde likamayenda m'chinthu china osati mpweya limachedwa, utali wake n'kufupika. Pa FR4 kotayo imatsika kufika masentimita 4.6. M'dongo lapadera lowotcha la ceramic, limene limachedwetsa funde pafupifupi ka 9 kapena 10, imatsika kufika pansi pa sentimita imodzi. Mafoni akale aakuluakulu aja anali ndi duplexer yotero, kachibuloko ka ceramic kokhala ndi mabowo opakidwa siliva. Koma foni ya lero ili ndi mafyuluta makumimakumi, ndipo malo a tizibuloko totere mulibe.

Njira imene inapambana inali yosiya funde la magetsi n'kugwiritsa ntchito kunjenjemera kwa mwala. Pali miyala ina, monga lithium tantalate ndi lithium niobate, imene ukaipatsa magetsi imasuntha pang'ono, ndipo ikasuntha imatulutsa magetsi. Funde la kunjenjemera limayenda pamwamba pa mwalawo pa liwiro la makilomita pafupifupi 4 pa sekondi, pamene funde la wailesi limayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Kuchedwa kumeneku ndiye phindu lake: pa 900 MHz funde limodzi limakhala maikulomita 4 ndi pang'ono, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Lord Rayleigh anafotokoza za mafunde a pamwamba amenewa mu 1885, ndipo mu 1965 White ndi Voltmer anaonetsa momwe ungawadzutsire ndi tizala ta chitsulo tolowerana, tojambulidwa pa mwalapo. Imeneyi ndiye SAW, fyuluta ya funde loyenda pamwamba pa mwala. Kachala kalikonse pa 900 MHz n'kotambalala pafupifupi maikulomita imodzi. Ma resonator ake amawaika ngati makwerero, ena panjira ya siginolo, ena kupita ku ground, ndipo poti iliyonse ili ndi frequency imene imatsegula ndi ina yapafupi kwambiri imene imatseka, fyuluta yonse imagwa mwadzidzidzi m'mphepete mwa bandi. Zonsezo zimalowa m'kabokosi ka mamilimita 1.8 ndi 1.4, tina n'tochepa kuposa pamenepo.

Frequency ikakwera kupitirira 2 GHz tizala timaonda kwambiri moti sititha kupirira mphamvu ya PA. Pamenepo pamalowa BAW: kansalu kopyapyala ka aluminium nitride pakati pa zitsulo ziwiri, funde likunjenjemera kuchoka pamwamba kupita pansi, ndipo frequency imadalira kunenepa kwa kansaluko. Gulu la Richard Ruby ku Agilent ndi limene linafikitsa duplexer yotere pamsika cha mu 2001, ya bandi ya 1900 MHz ya ku America.

Chinthu chimodzi chimene anthu sachiganizira ndi kutentha. Lithium tantalate ikatentha frequency yake imatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa miliyoni pa digiri iliyonse. Foni yasiyidwa pa dashibodi masana a Okutobala, PA nayo ikuwotcha pambali pake, kachipangizo kakwera ndi madigiri 50. Pa 900 MHz ndiye kuti fyuluta yonse yasuntha pafupifupi 2 MHz, pa mpata wa 10 uja. N'chifukwa chake pa mabandi opanikizika amakuta tizala ndi silicon dioxide, imene imasintha mobwerera ikatentha, ziwirizo n'kufafanizana. Mukaona TC-SAW pa datasheet, ndi zimenezo.

Poti muli pa benchi tsiku lililonse, pali zingapo zotuluka m'zimene ndafotokozazi. Mita yanu singakuuzeni ngati duplexer ili moyo kapena yafa, chifukwa ntchito yake sioneka pa DC. Musanaikhudze yang'anani zotchipa: kawaya ka eriyo kaja kokhala ndi timitu tokanikiza, timasipuling'i togunda pa chikuto, ndi kasoketi koyesera kamene kali panjira ya eriyo, kamene kamakonda kuchita dzimbiri foni ikanyowa. Kakamizani foni kukhala pa LTE (4G) yokha kudzera pa *#*#4636#*#*, ndipo pa Samsung *#0011# imaonetsa bandi imene foni yagwira. Mukaona kuti ikufa pa bandi imodzi yokha, mwapeza njira yoti muitsate pa schematic. Ma duplexer a mabandi osiyana amafanana maonekedwe, choncho chotsani pa malo omwewo a bodi ya modelo yomweyo. M'kati mwake muli kampata ka mpweya kuti mwala uzinjenjemera momasuka, ndiye blower ikapitirira kapena madzi akalowa kamatha basi, ndipo opanga ake amachenjeza za kutsuka ndi ultrasonic. Komanso foni ina yochokera ku America imabwera ilibe bandi zathu zina chibadwire. Pamenepo palibe chimene mungawotcherere, muuzeni mwini wake zoona.

Za pa nsanja ndingodutsapo. Kumeneko mphamvu ndi mawati makumi angapo, ndipo SAW ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Amagwiritsa ntchito mabokosi a aluminiyamu ogobedwa mkati, opakidwa siliva, okhala ndi mitengo yachitsulo ndi masikuluwu ochunira, Q yake yofika masauzande. Ndi olemera, koma pa nsanja malo alipo.

Tibwere ku pulojekiti yanu. Diplexer imalekanitsa mabandi awiri athunthu, osati kutumiza ndi kulandira kwa bandi imodzi. Tengani 900 ndi 1800: bandi yapansi imathera pa 960, yapamwamba imayambira pa 1710. Mpata ndi 750 MHz. Pa mpata wotere Q ya 50 ikukwanira, ndipo FR4 yabwerera m'masewera. Ntchito yake ndi yooneka: ma eriyo awiri a panja, ina ya 900 ina ya 1800, kutsikira pa waya mmodzi kupita ku rauta ya 4G kumudzi kumene netiweki ndi yovuta.

Pali kapangidwe kamene ndimakakonda chifukwa kamatsamira pa mwayi woti 1800 ndi 900 kuwirikiza kawiri. Tengani bodi ya FR4 ya mbali ziwiri, yonenepa mamilimita 1.6. Mbali yapansi musaikhudze, yonse ndi ground. Pamwamba, mzere wa kopa wa ma ohm 50 umakhala wotambalala pafupifupi mamilimita 3. Pa bodi imeneyi kota ya funde ndi mamilimita 46 pa 900, ndi mamilimita 23 pa 1800. Lamulo loti muligwire ndi ili: mzere wotalika kota ya funde umatembenuza zimene zili kumapeto kwake. Kukakhala kotseguka, kuno kumaoneka ngati shoti; kukakhala shoti, kuno kumaoneka kotseguka. Mzere wotalika theka la funde satembenuza kanthu, umangobweretsa zomwezo.

Jambulani mzere wochokera ku eriyo ugawike pawiri ngati T. Pa dzanja lopita ku 1800, yezani mamilimita 46 kuchokera pa mphambano, pamenepo mutulutse nthambi ya mamilimita 46 yosalumikiza kulikonse kumapeto kwake. Siginolo ya 900 ikafika apo imapeza shoti, chifukwa nthambiyo ndi kota ya funde lake. Shotiyo ili kota ya funde kuchokera pa mphambano, choncho pa mphambanopo dzanja lonselo limaoneka lotseguka, ngati kulibe, ndipo 900 imapita kwinako. Siginolo ya 1800 imaona nthambi yomweyo ngati theka la funde, yotseguka, n'kungodutsa. Pa dzanja lopita ku 900, yezani mamilimita 23 kuchokera pa mphambano, mutulutse nthambi ina ya mamilimita 46, koma iyi muboole kumapeto kwake n'kuwotcherera kawaya kufika ku ground. Kwa 900 nthambiyo sioneka. Kwa 1800 ndi shoti, imene ili kota ya funde lake kuchokera pa mphambano. Mwamaliza. Palibe koyilo kapena kapasita, ndi kopa yekha, ndipo zonse zikukwana pa bodi ya masentimita pafupifupi 8 ndi 6 kuphatikizapo malo a ma SMA atatu, timasoketi tolumikizira mawaya.

Musayembekeze kuti igwera pamalo ulendo woyamba. Pakati penipeni pa mabandi awiriwa ndi cha pa 920 ndi 1795, ndiye muyenera kufupikitsako pang'ono. Kumapeto kotseguka kumachititsa nthambi kuoneka yotalikirapo ndi pafupifupi theka la milimita, kawaya kopita ku ground nako kamawonjezera utali. Ndiye pali FR4 yeniyeniyo: nambala yake yochedwetsera funde imalembedwa kuti 4.4, koma bodi ina imakhala 4.2 ina 4.7, ndipo wogulitsa sangakuuzeni. Kuphonya kwa theka la milimita pa 46 ndi gawo limodzi pa 100, kutanthauza 9 MHz pa 900. Pa diplexer yanu zimenezo n'zopiririka. Pa duplexer ya bandi 8 ukanakhala mpata wonse watha. Njira yanga ndi yosiya nthambi yotseguka italikirepo mamilimita 2 kapena 3, kenako kumadula pang'onopang'ono ndi lezala uku mukuyang'ana pa sikirini. Mukadula kulikonse, dzenje la pa graph, limene limaonetsa frequency imene yatsekedwa, limasunthira ku frequency yokwera. Mungayambenso ndi tepi ya kopa yomata pa bodi imene mwasenda mbali imodzi, kuti muzisuntha nthambi momwe mufunira musanapite ku asidi wodya kopa wosafunika pa bodi.

Sikirini imene ndikunena ndi ya VNA, chida choyezera siginolo imene ikudutsa ndi imene ikubwerera pa frequency iliyonse, ndipo popanda imeneyo pulojekitiyi ndi nthano chabe. Kale chida chimenechi chinali cha makampani okha, koma lero kuli NanoVNA. Samalani pogula, makamaka poti ndalama zakunja zikusowa ndipo simungaitanitse kawiri: yoyambirira ija inapangidwa kuti izifika 900 MHz, siingakuthandizeni pa 1800. Funani V2 imene imafika 3 GHz, kapena LiteVNA. Ngati kusukulu kwanu kulibe, sonkhani anthu angapo a m'kalasi mugule imodzi. Chitani calibration, kuchuna chidacho kuti chiziyeza molondola, kumapeto kwa mawaya amene mugwiritse ntchito, osati pa chida penipeni. Ndipo poyeza miyendo iwiri, wachitatu muutseke ndi load ya ma ohm 50. Ambiri amausiya wotseguka, kenako n'kumadabwa ndi graph yosamveka. Pa kompyuta, Qucs-S ndi openEMS zoyesera kapangidwe kanu ndi zaulere, KiCad yojambulira bodi nayonso ndi yaulere. ADS, HFSS ndi CST ndi zimene makampani amagwiritsa ntchito, koma pa ntchito iyi simukuzifuna.

Mudzaona kuti dzenjelo ndi lakuya pakati koma limaphwa m'mphepete mwa bandi, makamaka pa 1800 pamene bandi ndi yotambalala 170 MHz. Nthambi imodzi imatseka bwino frequency imodzi yokha. Kuwonjezera yachiwiri pa dzanja lililonse, yochunidwa pambali pang'ono, kumatambasula dzenjelo, koma bodi imakula.

Gawo limene lingasiyanitse pulojekiti yanu ndi za anzanu ndi la kuchepetsa. Chophweka ndi kupinda mizere ngati njoka. Siyani mpata wosachepera kawiri kapena katatu kunenepa kwa bodi pakati pa mapindo, apo ayi amayamba kulankhulana okhaokha. Resonator yopindidwa ngati U, yotchedwa hairpin, imene Cristal ndi Frankel anaifotokoza mu 1972, inachokera pa ganizo lomwelo. Chanzeru kuposa pamenepo ndi kusintha kutambalala kwa mzere: mbali ya ku ground ikhale yoonda, mbali yotseguka ikhale yonenepa. Yoondayo imachita ngati koyilo, yonenepayo ngati kapasita, ndipo resonator imalira pa frequency yomweyo ili yaifupi. Makimoto ndi Yamashita a ku Japan ndi amene anakhazikitsa masamu ake cha mu 1980. Ilinso ndi phindu lina. Resonator ya theka la funde ya 900 imaliranso pa 1800, ndendende pamene simukufuna; kusintha kutambalala kumakankhira kulira kwachiwiriko kutali. Vuto la kuwirikiza kawirili lili m'foni momwe: foni ikamatumiza pa 910, PA imatulutsanso kachidutswa pa 1820, m'kati mwa malo olandirira a bandi 3. Koma pa kapangidwe ka nthambi kaja samalani, chifukwa kakudalira kuwirikiza komweko. Mukasintha kutambalala kwa nthambi muyenera kuwerenganso ma frequency onse awiri.

Bodi yopyapyala ya mamilimita 0.8 imatsitsa mzere wa ma ohm 50 kufika pafupifupi mamilimita 1.5, wosavuta kupinda, koma kopa woonda amataya mphamvu zambiri. Muli ndi njira inanso imene muli nayo kale pa benchi: koyilo ndi kapasita zazing'ono za 0402, dzanja lina lololeza zapansi, lina lololeza zapamwamba. Diplexer ya m'foni ndi yotero, kungoti koyilo ndi kapasita zake amazijambula m'magawo a ceramic osanjikizana n'kuwotchera pamodzi, zimene amati LTCC.

Ndili ndi mawu pa njira ina yotchuka, yogoba mipata pa ground pansi pa mzere. Mapepala ambiri a kafukufuku amaitama, ndipo n'zoona imafupikitsa. Chimene sanena kawirikawiri n'chakuti mipatayo imatulutsa mafunde kunja, ndipo mukangoika bodi m'bokosi lachitsulo kapena pa tebulo lachitsulo zonse zimasuntha. Chinthu chimene chimafuna mpata wa mpweya pansi pake kuti chigwire ntchito sichinachepe momwe chikuonekera pa chithunzi. Ngati mukufuna kuiyesa, iyezeni kawiri, panja ndi m'bokosi, ndipo muonetse zonse ziwiri.

Ine ndikanakhala woyesa wanu, ndikanafuna kuona mabodi atatu pa tebulo: yowongoka, yopinda, ndi ya koyilo ndi kapasita. Pa iliyonse mulembe kukula kwake, mphamvu imene ikutayika pa 880, 960, 1710 ndi 1880, kutsekereza kwake pakati pa manja awiri pa ma frequency omwewo, ndi kuchuluka kwa siginolo imene ikubwerera ku eriyo. Yezani m'mphepete mwa bandi, osati pakati pokha pamene manambala amakongola. Tengani imodzi muiwotche pang'ono ndi blower muone ngati dzenje likusuntha.

Chenjezo limodzi. Wina akaona diplexer yanu adzakuuzani kuti muwonjezere amplifier mupange booster yogulitsa. Musalole. Ma frequency amenewa ali ndi eni ake amene anapatsidwa chilolezo ndi MACRA, ndipo chida chotumiza pamenepo popanda chilolezo n'cholakwira lamulo. Komanso booster imafuna duplexer yeniyeni mbali zonse ziwiri, ija tanena kuti FR4 siingathe. Ikapanda kutsekereza mokwanira imadzimva yokha n'kuyamba kulira, ndipo imagonthetsa nsanja kwa anthu onse a m'dera lanu. Diplexer yanu ilibe amplifier, ndipo poiyeza ndi VNA siginolo imangoyenda m'mawaya.

Ngati aphunzitsi anu anganene kuti 900 ndi 1800 n'zosavuta kwambiri, sinthirani ku Wi-Fi, 2.4 ndi 5 GHz. Kumeneko kota ya funde pa FR4 ndi mamilimita pafupifupi 17 pa bandi yapansi, bodi yonse imachepa yokha, koma mwayi wa kuwirikiza kawiri kulibe, FR4 imataya mphamvu zambiri, ndipo mudzafunika VNA yofika 6 GHz.